Nyongolotsi Zotsekemera za Uladi

Pakhomo pa Uladi, kumtunda pang'ono kwa Makokola, pankachitika ntchito ziwiri zosayenera kuyandikana. Kukhonde la kumaso mkazi wake Ajira adali ndi kaokala: mchere, machesi, sopo wodula, ndi mabotolo a masiwiti amene ana a m'mudzimo ankawadziwa bwino kuposa nkhope za aphunzitsi awo. Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, mwini khomo ankakhala pa kampando atazunguliridwa ndi mbedza, twaini ndi tizitini. Pakati pa malo awiriwa pankathamangathamanga Yasmin, mwana wa zaka zinayi, mmodzi yekhayo amene Mulungu adawapatsa atadikira mpaka anthu kuyamba kunong'ona.

Uladi ankayendetsa boti pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Tsiku lina mlendo wochokera ku Joni, pochoka, adamusiyira paketi ya nyongolotsi za pulasitiki, zofewa lobodo, zina zofiira, zina zobiriwira, zina zachikasu. Adati kwawo amaphera nsomba yotchedwa basi, imene imakhala m'madamu. Nsomba imeneyo m'nyanja yathu ino mulibe, ndipo munthu wina akadangoponya paketiyo pansi pa bedi n'kuiwala. Uladi sadali wa mtundu umenewo. Mutu wake unkagwira, izi sitingamumane. Vuto lake lidali makutu.

Adaganiza za sungwa, nsomba yolusa yokonda kubisala m'bango ndi m'udzu wa pansi pa madzi, momwe mbedza wamba ikangogwamo imakola zinyalala. Atayesa uku ndi uku adaipeza njira. Ankalowetsa nsonga ya mbedza kumutu kwa nyongolotsi, n'kuitulutsira pambali, n'kuitembenuza, kenaka n'kuibayanso m'thupi la nyongolotsiyo mpaka nsonga yonse itabisala m'kati. Ukayendetsa chala pamwamba, see, osamva kanthu. Nyambo yotereyi inkadutsa m'udzu osakodwa. Koma sungwa ikameza, munthu n'kukoka chingwe kamodzi mwamphamvu, pulasitiki inkafinyika, nsonga n'kutumphuka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Nzeru zidabala zinzake. Nyongolotsizo adayamba kuzidula kuti zizitalika ngati chala chaching'ono, poti sungwa zinkangoluma kumchira. Zong'ambika ankazilumikiza ndi mpeni wootcha pamoto. Iliyonse ankaimangiriratu twaini wotalika kuchokera pachigongono kufika kuzala, kumapeto kwake n'kupanga kakhwekhwe, kuti akafika panyanja azingokoleka ku chingwe chachikulu osataya nthawi. Kenaka padabwera nzeru ya shuga. Adati nsomba zimalavula nyambo chifukwa cha fungo la petulo wa m'manja mwake, choncho adayamba kuviika nyongolotsizo m'madzi a shuga n'kuzigubuduza mu shuga wouma. Kaya sungwa imaukondadi shuga, palibe adakaifunsa. Koma sabata imeneyo adapha zambiri, ndiye kuyambira pamenepo Uladi sukadamuuza kanthu.

Chidatsala n'chosungiramo. Nyerere zinkalowa m'tizitini take, motero tsiku lina adatenga botolo la masiwiti lotheramo pa okala ya mkazi wake, lija la chivindikiro chofiira chopota, n'kuthiramo nyambo zakezo. Ajira atalipeza pawindo adayamba waliyang'ana kaye. Iye mwini, wogulitsa masiwiti tsiku ndi tsiku, adatsala pang'ono kulibwezera pa shelefu.

"Bambo a Yasmin, botolo ili ndiye ayi," adatero. "Taonani nokha. Zikusiyana pati ndi masiwiti a jele aja ndinaoda mwezi watha?"

"Zikusiyana poti izi zili ndi twaini. Maso ulibe?"

"Ine maso ndili nawo. Nanga mwanayu?"

"Ndimaika pamwamba pa kabati. Yasmin wayamba liti kuuluka?"

"Ndikupatsani chitini cha utoto chija, chimatseka bwino. Kapena mbedzazo muzikaikira kunyanja konko."

"Ndizikayamba kusoka nyongolotsi alendo atakhala m'boti akundiyang'ana? Iwe gulitsa machesi ako. Za nsomba undisiyire ine."

Ajira sadagonje. Adakauza mayi ake, a Mwanabibi, amene nyumba yawo idali pabwalo lomwelo, pakuti Uladi adali mkamwini pamudzipo. Apongozi ndi mkamwini sayang'anizana m'maso, choncho gogoyo adalankhula ali chauko, nkhope italoza ku nkhuku zimene ankaziwazira gaga.

"Kumudzi kuno mankhwala a makoswe sitisunga m'chikho cha thobwa," adatero mokweza. "Kaya kwinako."

Uladi adayankha mwaulemu kuti wamva. Madzulo ake mlamu wake Swadick, wa kabaza wa njinga yamoto, adatola nyongolotsi imodzi, n'kuinunkhiza, n'kuinyambita.

"Che Uladi, izi mukunyenga nazo nsomba kapena anthu? Ine ndemwe malovu adzadza m'kamwa."

Onse adaseka, Uladi ndiye kuposa onse. Kwa iye mawu amenewo adali chiyamikiro.

Lidafika Lachisanu lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Masana ake Uladi adali ndi alendo ofuna kukaona mmene amaphera sungwa, ndiye m'mawa wonse adauthera pansi pa mango akusoka nyambo zatsopano. Azana, mawu oitanira anthu ku mapemphero, adamudzidzimutsa. Adasamba mothamanga, adavala kanzu yake yoyera ya mabatani pachifuwa, n'kunyamula botolo lija kuti akaliike pa kabati. Ali pakhonde adaona kuti kofia waiiwala kuchipinda. Adatsamiritsa botolo pa benchi ya okala, adalowa, adatuluka kofia ili kumutu, n'kuthamangira ku mzikiti. Botolo lidatsala pamenepo likunyezimira.

Ajira adali ku mjigo. A Mwanabibi ankasankha mpunga pamthunzi, msana utaloza ku okala. Yasmin adadziwa kuti masiwiti a amayi ake satengedwa popanda kupempha, ndipo n'chifukwa chake adatsegula chivindikirocho mwakachetechete. Adasankha yofiira. Adaiika m'kamwa n'kuyamba kuyamwa shuga, katwaini kakulendewera pachibwano. Sidamubaye. Ikadakhala mbedza ya msodzi wina aliyense pagombe lonselo, ikadamulasa lilime, akadalira n'kulavula. Koma iyi idali ya Uladi, yosokedwa mwaluso.

Pomwepo Ajira adatulukira ndi ndowa pamutu.

"Iwe Yasmin! Ukudya chiyani?"

Mwana wogwidwa akuba siwiti amadziwa chochita chimodzi chokha. Adameza.

Uladi pobwera ku swala ku mzikiti kuja adamva phokoso asadafike pakhomo. Adaona ndowa ili gada pabwalo, madzi atayenderera mpaka kumsewu. Azimayi oyandikana nawo adali ataunjikana pakhonde, aliyense akulankhula zake.

"Mupatseni nthochi ameze, itsika!"

"Ayi, mbamu ya nsima ya dzulo, yolimba. Minga ya chambo timatsitsira yomweyo."

"Mulowetseni chala asanze!"

Uladi adawakankha n'kulowa pakati. Yasmin adali pamiyendo pa agogo ake, maso ali tong'o, dovu likuchucha. Pakona ya mlomo wake pankatuluka twaini. A Mwanabibi adali atakulunga kale mapeto a twainiyo ku chala chawo, akukonzeka kusolola.

"Ngwamba! Ayi! Siyani!"

Mawuwo adatuluka ngati akukalipira galu. Uladi adagwira dzanja la apongozi ake, dzanja limene chikwatirire sadalikhudzepo, n'kulifinya mpaka gogoyo adati mayo.

"Musakoke," adatero. "Chonde, amayi, musakoke. Muli mbedza m'katimo. Panopa yagona. Mukangokoka idzuka."

Pa anthu onsewo ndi iye yekha amene ankadziwa bwinobwino chimene chidali pakhosi pa mwanayo. Ankaiona m'maganizo mwake nsonga ija, ndi kadzino kake kobwerera m'mbuyo, itaphimbidwa ndi kachikopa ka pulasitiki kopyapyala ngati khoko la anyezi. Adainola yekha pamwala m'mawa womwewo. Nthochi ikadaifinya. Kusanza kukadaifinya. Ngakhale kulira kumene kukadatha kuifinya.

Adagwada, n'kumasula twainiyo ku chala cha gogoyo pang'onopang'ono.

"Yasmin, mama, usalire. Wamva? Tipita kukakwera njinga ya amalume. Usameze malovu, uzingowasiya azituluka."

Mwanayo adagwedeza mutu. Uladi adafuula kuti asagwedezenso.

Swadick adafika ndi njinga. Ajira, amene nthawi yonseyi adangoti kakasi atagwira chipupa, adathamangira mu okala n'kutuluka ndi lumo ndi selotepi.

"Tiyeni tidule twainiyu afupike, wotsalayo timumate patsaya. Akola penapake."

"Adokotala akaufuna wonse. Nthawi palibe."

"Ndiye dulani kakhwekhwe kokhako. Kapena tingomata osadula. Bambo a Yasmin, ndapota nanu."

"Ajira, twaini ndimagwira tsiku ndi tsiku ine. Ndikudziwa chimene ndikuchita. Choka panjira!"

Adakwera kumbuyo kwa Swadick, mwana ali pakati, atamukhazika chammbali pamiyendo pake. Dzanja limodzi adagwira timanja tonse tiwiri ta Yasmin kuti asakoke yekha, linalo adamukumbatira nalo. Twaini adamusiya alende pachifuwa cha mwanayo, poti adati wolendewera alibe vuto. Ajira adatsatira pa njinga ina, selotepi ikadali m'manja.

Msewu wochoka ku Makokola kupita ku boma Uladi adauyendapo kosawerengeka, koma tsiku limenelo udatalika. Kadzenje kalikonse ankakamva m'mano. Swadick akathamanga, ankamukuwira kuti achepetse. Akachepetsa, ankamukuwira kuti kodi akufuna mwana afere panjira. Dovu la Yasmin lidanyowetsa mkono wa kanzu, ndipo Uladi ankangoliyang'ana kuti aone ngati lasintha mtundu. Lidali loyera. Ankatchula dzina la Allah mobwereza, mapemphero ena onse amene adaphunzira ku madrasa atamuthawa m'mutu. Mphepo inkauluza twaini uja uku ndi uku, koma maso a bamboyo adali pa dovu.

Atayandikira kwa Mponda, mbuzi idadumphira mumsewu. Swadick adaponda buleki. Mwana adapita kutsogolo, Uladi adadzikokera m'mbuyo kuti asamupsinje, ndipo pachifuwa pake adamva kanthu kakuti nji.

Kukoka kumeneko ankakudziwa. Adakumvapo kambirimbiri m'manja mwake ali m'boti, ndipo nthawi zonse kunkamusangalatsa. Adayang'ana pansi. Kakhwekhwe kaja kadali katakola batani la kanzu yake, twaini ali gwa kuchokera pachifuwa pake kukalowa m'kamwa mwa mwana wake.

Yasmin sadalire mokweza. Adatulutsa kamawu kochepa, thupi lonse n'kuuma. Kenaka dovu lija lidafiira.

"Chachitika n'chiyani?" adafunsa Swadick osatembenuka.

"Thamanga," adatero Uladi. Adadula batanilo ndi mano. "Thamanga, mlamu, ndamupha mwana."

Kuchipatala cha pa boma adawalandira mwachangu. Namwino adamata twaini uja patsaya la mwanayo ndi pulasitala asadafunse n'komwe dzina lake. Ajira, amene adali atangofika, adaona zimenezo, n'kuyang'ana mwamuna wake. Kukadakhala bwino akadamutukwana. Atamujambula mwanayo, dokotala adawaitana n'kuwaonetsa chithunzi. Nyongolotsi sinkaoneka. Inkaoneka ndi mbedza yokha, yoyera mbee, itapendekeka m'munsi mwa khosi.

"Ikanakhala kuti nsonga sinatuluke, tikanayesa kuichotsa konkuno kudzera m'kamwa," adatero dokotalayo. "Koma yalowa m'mnofu, ndipo pamene yalowapo pali pafupi ndi mitsempha ikuluikulu. Apa mpofunika ku Blantyre. Anaikoka ndani?"

Swadick adayang'ana kudenga.

"Ndine," adatero Uladi.

Mu ambulansi adalola mayi yekha. Uladi adatsatira pa minibasi, kanzu yake ili ndi madontho ofiira, anthu akumupatsa malo ambiri kuposa amene adalipira. Njira yonse foni idali m'manja. Ikalira, mtima unkachoka. Ikapanda kulira, ankaganiza kuti Ajira akusowa poyambira kumuuza. Adafika mwana atalowa naye kale ku opaleshoni. Adakhala pabenchi moyang'anizana ndi chitseko, mkazi wake ali kumapeto kwa benchi lomwelo, pakati pawo pali malo okwana anthu atatu. Chitsekocho chikatseguka onse ankaimirira, n'kukhalanso ataona kuti ndi wokolopa. Munthu amene ankadzitama kuti amadziwa zimene nsomba ikuganiza pansi pa madzi adalephera kuwerenga nkhope ya namwino aliyense wodutsa.

Yasmin adapulumuka. Madokotala adachita kumung'amba pambali pa khosi, ndipo adakhala masabata angapo akudyera m'kapaipi ka m'mphuno. Dokotala wa kumeneko adati mwayi wake udali waung'ono ngati njere ya mpunga. Adanenanso kuti mtsempha wa mawu udakhudzidwa, ndipo sakadalonjeza kuti udzabwerera mwakale. Mwana amene ankadzutsa mudzi ndi nyimbo za ku madrasa adabwerera kwawo akulankhula monong'ona, mawu ali osasa ngati a nkhalamba.

Anthu adabwera kudzazonda, ndipo palibe adamunena Uladi pamaso. A Mwanabibi adalandira nkhuku imene Uladi adawatumizira yopepesera dzanja lija, n'kungoti zidachitika n'zamantha. Ajira adapitiriza kumuphikira ndi kumuchapira. Uladi adayamba kuganiza kuti mwina, pang'ono ndi pang'ono, zinthu zibwerera m'malo.

Tsiku limene adokotala adalola kuti mwanayo ayambe kudya zolimba, Uladi adapita kumsika n'kukagula chitumbuwa chotentha, chofewa bwino. Adamupeza Yasmin atakhala pamkeka pafupi ndi mayi ake, chipsera chikuonekera pamwamba pa kolala ya diresi. Adanjuta, adanyema kachidutswa, adakauzira kuti kazizire, n'kumutambasulira.

"Kwaya, mama. Ndakugulira iweyo."

Yasmin adayang'ana chitumbuwacho, n'kuyang'ana bambo ake. Adatseka pakamwa ndi manja onse awiri, n'kusendera kumbuyo kwa mayi ake. Ali kumeneko adasuzumira, ndipo ndi timawu take tosasa tija adafunsa:

"Mwaikamo chiyani m'katimo, baba?"

Dzanja la Uladi lidatsala m'malere. Ajira adatenga kachidutswa komweko m'zala zake, n'kumupatsa mwanayo, ndipo adadya. Bamboyo adadzuka n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, ndipo amene adadutsa pamsewu nthawi imeneyo adamva munthu wamkulu akulira ngati pagwa maliro.

Uladi sadali munthu woipa mtima, ndipo mwana wake ankamukonda kuposa maso ake. Adangokhala munthu amene ukamuchenjeza amamva ngati ukumuchepetsa. Mawu aulere adawakana pakhomo pake, adawakananso njinga italira kale, mpaka adadzawamvera pakhosi pa mwana wosalakwa. Akuluakulu sadaname pamene adati samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu.